Injini Yozizira Sinama

Tadala mwana wanga,

Ndakhala pansi kulemba chifukwa pakamwa panga palibe mabuleki. Dzulo tikudya ndinangofunsa kuti, "Njinga imeneyo waiona mkati?" ndipo tisanasambe m'manja iwe unali utadzuka kale, amayi ako akundiyang'ana ngati ndathira mchenga mu ndiwo. Unati, "Adadi, kodi padziko pano pali chinthu chimene inu munachiyamikirapo?" Chilipo. Ndiwe. Koma zimenezo sizikweza njinga phiri, ndiye tizisiye kaye. Panopa ndi masana, wapita ku Benga kukatsanzika azakhali ako. Ndatseka shedi yanga yokonzera mainjini, ndabweza anthu awiri amene anabwera ndi injini ya boti. Kalatayi uiwerenge yonse mawa usanatsike pa Dwangwa. Ukafuna kuing'amba, uing'ambe utawerenga.

Nkhani ndiinene poyera kuti tisazungulirane. Mawa ukunyamuka kukayamba ntchito ya ulangizi wa zaulimi kumapiri a kuseri kwa Rumphi, kumene kuchoka mudzi wina kufika mudzi unzake ndi ulendo weniweni. Ntchito imeneyo ndi ya pa njinga yamoto. Njinga imene ukufuna kugula ndi ya a Mhone, bambo ake a Wongani amene akufuna kukukwatira, ndipo akuti akupatsa pa mtengo wa pachibale. Ndi yaikulu, ya maulendo ataliatali, inachokera ku Joni. Waiona kawiri, ndipo kawiri konseko unali chogwada pakhonde pawo. Ine sindikunena kuti a Mhone ndi wakuba. Ndikunena kuti munthu wogwadira apongozi amayang'ana pansi, koma sayang'ana pansi pa njinga.

Ndiyambe ndi uchitsiru wanga wa ku Benga. Iwe unali usanayambe sukulu. Munthu wina wogulitsa mpunga kumeneko anandiuza kuti ndifike teni koloko ndidzaone njinga yake. Ndinafika teni yeniyeni ngati mwana womvera, ndipo ndinaipeza pabwalo ikulira kale, mofatsa, ngati mphaka wokhuta. Mwini wake akuti, "Achimwene, mwaimva? Iyi sapondera kawiri. Kamodzi basi." Anaizimitsa, ine ndinaponda kamodzi, inalira. Ndinabwera nayo kuno ndikuimba mluzu njira yonse. M'mawa mwake ndinaponda mpaka thukuta linalowa m'maso. A Jafali oyandikana nafe anasiya kusoka ukonde wawo n'kumandiwerengera mokweza, ndipo atatopa anati, "A Mwale, bwanji mungoimangira chingwe muziikoka ngati mbuzi?" Italira, utsi wabuluu unadzaza bwalo lonse, amayi ako n'kuthamanga kukaanula zovala. Munthu uja anali ataitenthetsa kuyambira m'mamawa. Injini yotentha imanama ngati mboni yogulidwa. Yozizira sinama.

Choncho a Mhone akanena kuti ufike teni, iwe ufike seveni. Upereke moni, ufunse mmene adzukira onse a m'nyumba, kenako upite pa njinga uike kuseri kwa dzanja lako pa injini. Ikakhala yofunda, unene kuti udikira izizire, ndipo udikiredi, ngakhale akuthirire tiyi makapu atatu. Uiyatse wekha. Kenako uime kumbuyo uone utsi. Wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo, mkati mwatha. Wakuda ndiye kuti ikumwa petulo mopitirira, ndipo zimenezo zimakonzeka. Woyera pang'ono m'mawa si mlandu, koma woyera wosatha ndiye kuti madzi akulowa kumene sayenera kulowa. Ndikubwereza, Tadala: uigwire isanayatsidwe.

Njinga yomweyo inandiphunzitsanso za oyilo. Nditamukhutula anatuluka mwaulesi ngati uchi. Munthu wa mpunga uja anathiramo oyilo wokhuthala wa m'magiya a galimoto kuti atseke pakamwa zitsulo zimene zinkagogoda. Iwe usolole kachitsulo koyezera, upake pa chala. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, muli madzi. Akamanyezimira ngati muli tizitsulo, injini ikudzidya yokha. Ndipo akakhala watsopano kwambiri, ngati wangochoka m'botolo, usasangalale msanga. Ufunse kuti amuthira liti. Akati dzulo, udzifunse wekha kuti bwanji dzulo.

Ina inandipusitsa ndi ukhondo. Inali ya mayi wina wogula usipa pa Ngala, ndipo inkang'anima ngati mbale ya alendo. Mwini wake ankanyadira kuti imatsukidwa tsiku lililonse. Ine wanzeru zanga osafunsa kuti imatsukidwira kuti. Ankailowetsa m'nyanja mpaka madzi afike pa injini, n'kumaikwecha ndi mchenga ngati poto. Patangotha milungu itatu tayala lakutsogolo linayamba kuvina, mabering'i ali mchenga wokhawokha. Mawaya a pansi pa mpando anali obiriwira ngati ndere. M'thanki munali dzimbiri, ndipo dzimbirilo linkatseka kabuleta, modutsa petulo, pa nthawi imene lafuna lokha, makamaka pa mlatho, kapena pamaso pa anthu amene sindimawakonda. Njinga za kuno kunyanja zimaola kuyambira mkati ngati mango a mphutsi. Ya a Mhone yakhala zaka pa Dwangwa, m'chinyontho cha m'minda ya nzimbe. Tsegula thanki uwalitsemo tochi ya foni yako. Chotsa mpando uone mawaya. Ukapeza mfundo zokulungidwa ndi tepi yakuda, dziwa kuti mfundo iliyonse ndi tsiku limodzi limene udzayende wapansi ukukankha. Imika njinga tayala lili m'malere, uligwire mbali ziwiri, uligwedeze. Lisalankhule. Pititsa chala pa mashoko akutsogolo, mipope iwiri ija yogwira tayala. Chikanyowa ndiye kuti akudontha, ndipo oyilo ameneyo amatsikira pa buleki. Kumene ukupitako buleki si chokongoletsa.

M'thumba la m'mbali mwa chikwama chako, mmene upezemo kalatayi, ndaikamonso kamita kanga koyezera magetsi. Kagwiritsidwe kake ukukadziwa, unandithyolerako kamodzi uli sitandade 6. Injini ikulira, uwonjezere moto pang'ono, uyeze batire. Lizionetsa pakati pa 13 ndi theka ndi 14 ndi theka. Likatsika kapena likapitirira pamenepo, kabokosi kotchajira kafa kapena kali pa mphasa. Njinga zikuluzikuluzi zambiri zilibe chopondera, zimangodalira batani. Batire likafa, iwenso waima pomwepo, ndipo phiri silibwereketsa batire.

Ya matama ndiyo ikufanana kwambiri ndi yakoyi. Mzungu wina amene ankazungulira maiko anadwala ali pa loji ina ku Ngala, n'kubwerera kwawo pandege, njinga n'kuisiya kuti igulitsidwe. Nditaitenga ndinayenda nayo miyezi inayi ngati nduna. Anthu ankasiya bawo kuti andione ndikudutsa. Kenako kanathyoka kanthu ka m'kilatchi, kochepa ngati chala chako chakumapeto. Ndinafunsa pa boma, ndinafunsa ku Salima, ndinafika mpaka ku Lilongwe. Wogulitsa masipeya wina anakatembenuza kanthuko m'manja n'kundifunsa kuti, "Bwana, aka ndi ka njinga kapena ka ndege?" Anzake n'kugwa nako kuseka. Ndinawauza zimene ndimauza anthu otero, koma mawu anga sanabereke sipeya. Njinga imeneyo ukuidziwa. Ndi ija nkhuku za amayi ako zinkaikirapo mazira kuseri kwa bafa.

Ndiye ufunse a Mhone funso limodzi: tcheni, matayala, waya wa kilatchi ndi mabuleki a njinga imeneyi amagula kuti? Akatchula sitolo ya ku Mzuzu, ndi bwino, koma uimbeko foni usanachoke pakhomo pawo. Akati, "Mwana wanga wa ku Joni amanditumizira," kumbukira kuti iwe ulibe mwana ku Joni. Chinanso, uigoneke pansi pa udzu, uidzutse wekha. Inde, pamaso pawo. Kumapiriko idzagwa. Sindikuti mwina, ndikuti idzagwa, m'matope, popanda munthu wodutsa. Njinga imene sungathe kuidzutsa wekha si yako, iweyo ndiye wake.

Usaganize kuti ine ndakhala wopusitsidwa yekhayekha. Ndinapusitsaponso munthu. Njinga ina inabwera m'manja mwanga itathyoka felemu pakhosi, pafupi ndi mahandulo. Ndinawotcherera, ndinapala bwinobwino, ndinapaka penti, n'kuigulitsa kwa mphunzitsi wina wa kuno. Sindinamuuze. Ndinadziuza kuti kuwotcherera kwanga n'kolimba kuposa kwa kufakitale, ndipo ndinkakhulupiriradi. Inathyokera pomwepo akutsika kamtunda, ndipo munthuyo mpaka lero amatsimphina. Tikakumana amandipatsa moni ndi manja awiri, zimene zimandiwawa kuposa akanandituka. Ndakuuza zimenezi kuti udziwe kuti wogulitsa njinga yoipa sakhala ndi nyanga. Amapita kutchalitchi, amakonda ana ake, ndipo amayamba wadzinamiza yekha asananamize iwe. Ukaona penti watsopano pamalo amodzi okha, pala ndi chikhadabo. Ukaiyendetsa pa msewu wowongoka, masula manja pang'ono. Ikamakokera mbali imodzi, inagwapo kolimba. Wotchi ya makilomita usaikhulupirire, imabwezedwa m'mbuyo ndi aliyense wodziwa kugwira sikuludiraiva. Uone mphira wa popondapo mapazi ndi wa pogwirira, uone mano a gudumu limene tcheni chimayendapo. Akapindika ngati mbedza, njingayo yayenda dziko. Matayala akhoza kukhala ndi mano akuya koma m'mbali muli ming'alu ya ukalamba, ndipo otero amaphulika pa phula lotentha osatsanzika. Manambala a pa injini ndi pa felemu uwawerenge wekha, uwafananize ndi a m'bulubuku, chilembo ndi chilembo. Dzina la apongozi si chiphaso pa rodibuloko.

Usaiyese pa phula pokha. Lowa nayo m'misewu ya fumbi ya m'mbali mwa nzimbe, upeze kamtunda, ulowetse magiya onse. Uli pa giya yapamwamba uwonjezere moto mwadzidzidzi. Injini ikakuwa koma liwiro osawonjezereka, kilatchi yatha. Ukabwerako uisiye ikulira payokha, ugwade, uone ngati pansi pakudontha kanthu. Kumeneko ndiye kugwada kumene ndikukupempha mawa. Uizimitse, uiyatsenso ili yotentha. Ina imadzuka bwino m'mawa koma ikatentha imanyanyala ngati mkazi wa mitala.

Tsopano ya pachiyambi penipeni, imene sindinakuuzepo. Anthu onse pa Liwaladzi amadziwa kuti ndinasiya yunivesite m'chaka chachitatu chifukwa ndinauza mphunzitsi wa masamu kuti walakwitsa pabolodi. Amadziwa chifukwa ndinawauza ndine. Analakwitsadi, ndipo ndinamuuzadi. Koma si zimenezo zinandichotsa. Chaka chimenecho ndinalephera phunziro limodzi, ndipo anandipatsa tsiku loti ndikalembenso mayeso. Ndinali nditangokwatira amayi ako, iwe uli m'mimba. Agogo ako aamuna, bambo a amayi ako, anali ndi njinga yamoto, ndipo anatuma ankhoswe kudzandiuza kuti mkamwini aigule, isapite kwa anthu adera. Ukudziwa mmene mkamwini amakhalira pamaso pa apongozi. Ndinaima chapatali, chipewa m'manja, maso pansi. Iwo anaiyatsa. Ndinamva, Tadala. Ndinamva kugogoda pansi pa injini, ko, ko, ko, momveka ngati munthu ali pachitseko. Ndinali nditaphunzira za mainjini zaka zitatu. Chitsulo chimene chinkagogodacho ndinkachidziwa dzina lake, ndikanatha kuchijambula nditatsinzina. Agogo ako anafunsa, akuyang'ana ankhoswe osati ine, kuti, "Kaya akamwiniwo aimva bwanji?" Ndipo ine, ine amene ndinatsutsa mphunzitsi pamaso pa kalasi yonse, ndinawomba m'manja n'kunena kuti, "Ili bwino kwambiri, zikomo."

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndilembe mayeso aja ndinanyamuka pa njingayo. Basi inalipo, koma ndinkafuna anzanga andione ndikulowa pageti ndili pa chitsulo changachanga. Inafera pakati pa Benga ndi Salima, pamalo popanda nyumba, injini itagwirana. Ndikanaibisa patchire n'kukwera lole yoyamba kudutsa. Koma ndikanadzawauza chiyani apongozi, kuti njinga yawo ndaitaya panjira ngati chitsononkho? Ndinaikankha, mvula ikugwa, kufunafuna mudzi woisungitsa. Pamene ndinkafika kusukulu, anzanga anali akutuluka m'chipinda cholembera. A mu ofesi anati ndilembe kalata yofotokoza ndi kupepesa, mwina aganizira. Ndinaima pakhonde ndi pepala m'manja, n'kuona kuti ndiyenera kulemba ndi dzanja langa kuti wophunzira za mainjini anagula injini yakufa akuimva. Sindinalembe. Ndinanyamula chikwama changa. Anzanga amene ankakopera kwa ine lero amadutsa pa msewu uwu m'magalimoto a magalasi akuda, ena amaima n'kundifunsa kuti chambo chotchipa chikupezeka kuti. Agogo ako anamwalira osadziwa kanthu. Sanali munthu woipa. Khutu lawo linali litazolowera kugogodako monga munthu amazolowera chifuwa chake. Wolakwa ndi amene anamva n'kuwomba m'manja.

M'mawa uno amayi ako anandipeza ndikufufuza pepala. Anati, "Inu bambo a Tadala, mukufuna kumupasulira mwana banja chifukwa cha chitsulo?" Ndinati banja limene lingagwe chifukwa mtsikana wasuzumira m'thanki ndi chisakasa, si banja. Anati, "Pakamwa panupo ndi pamene panatisaukitsa." Ndinawasiya apambane. Iwo sadziwa kuti tsiku limene linatisaukitsa ndi tsiku limodzi lokhalo limene ndinatseka pakamwa.

Sindikukutuma kukachita mwano. Mwano ndi ntchito yanga, ndipo pabanja pano munthu mmodzi akukwanira. Ukafika ugwade, upereke moni wa Chitumbuka umene Wongani anakuphunzitsa, ulandire madzi ndi manja awiri. Kenako udzuke, umange chitenje molimba, upite pa njinga. Ulemu ndi wa a Mhone. Njingayo si apongozi ako. Akakuseka n'kunena m'chinenero chawo kuti, "Mwana wane, ukopa vichi?" kufunsa chimene ukuopa, uyankhe mofatsa kuti, "Ndikufuna ndiidziwe, adada, poti kumeneko ndikakhala nayo ndekha." Munthu wamkulu woganiza sangakwiye ndi mawu amenewo. Ndipo pamene ukuchita zonsezi, diso limodzi likhale pa Wongani. Akakugwirira njinga kuti ugwedeze tayala, ndi bwino. Akakunong'oneza kuti ukumuchititsa manyazi, uzimve zimenezonso. Nakonso ndi kugogoda, kwa mtundu wina, ndipo sikusiya kokha.

Mwina njingayo ili bwino. Ndinena zimenezi kamodzi kokha chifukwa zikundiwawa pakhosi. Mwina a Mhone ankaisamala, mwina ipambana zonse zimene ndalembazi. Ikatero, itenge, uyende nayo modekha pokwera kuchoka ku Nkhata Bay, ndipo ine ndidzakhala woyamba kuivulira chipewa ukadzabwera pa tchuthi. Koma ukamva kanthu, ukaona kanthu, ngakhale kamodzi mwa zikuluzikuluzi, uisiye. Ukwere minibasi ya ku Mzuzu, ukafike kuntchito tsiku limene anakuuza, ngakhale ukafike ndi fumbi mpaka m'mawondo. Ukakhazikika ukagule kanjinga wamba, kamene masipeya ake amagulitsidwa pamodzi ndi sopo ndi machesi pa msika uliwonse. Sikadzatembenuza makosi a anthu. Kadzakufikitsa. Pepala la sukulu limene ine ndinalephera kutenga iwe unalitenga, ndipo sindilola kuti likathere m'phompho chifukwa unaopa kukhumudwitsa munthu pakhonde pake.

Ine sindikuperekeza ku Dwangwa. Ndikanafuna, Mulungu akudziwa, koma ndikadzangomva phokoso lolakwika ndidzalankhula, ndipo ndikalankhula ukwati wako udzathera pabwalo pomwepo. Khutu uli nalo, ndinakupatsa ndine. Chimene ungasowe mawa ndi mawu okanira, chifukwa kukana apongozi n'kolemera kuposa njinga iliyonse. Ndiye tenga awa. Unene kuti, "Pepani adada, ine ndimaifuna, koma adadi andiletsa." Basi. Aliyense kuyambira ku Benga mpaka ku Dwangwa akudziwa kuti Mwale wa pa shedi ndi munthu wovuta, wosamaliza sukulu, wonyoza chilichonse. Palibe adzadabwe. Adzakumvera chisoni kuti unabadwa kwa munthu wotere, ndipo adzakukonda kuposa kale. Ine adzandinena pa chinkhoswe, pa ukwati adzandikhazika kumapeto pafupi ndi ophika, ndipo nyama yawo ndidzadya bwinobwino. Mbiri imeneyi ndaimanga moyo wako wonse ndipo sinandigulirepo ngakhale mtolo wa nkhuni. Mawa ikugwirire ntchito iwe.

Ukafika uwaimbire amayi ako. Ine ndidzakhala pafupi, ndikunamizira kuthira madzi mu ndowa.

Ndine bambo ako,
Mwale wa pa shedi